Ampulifaya ya Malemu Amuna Anga

Amuna anga ankacheza ndi anthu akutali pa wailesi yawo yotumiza mawu. Ampulifaya yokuzira mawuwo anasankha yolumikiza kunja kwa wailesiyo, chibokosi cholemera, ati yam'kati siifika patali. Atamwalira, chibokosicho ndinapatsa alamu anga, chifukwa chinkangosunga fumbi.

Usiku womwewo ndinalowa m'chipinda chawo kukatseka zenera. Wailesi inali ikuyaka. Pulagi inali pansi, pomwe ndinaisiya posesa.

"Mayi, mukundimva?" Anali mawu awo, koma otsika kwambiri.

"Pang'ono. Mwafunanji usiku uno?"

"Ampulifaya yanga ili kuti?"

"Ndapatsa mng'ono wanu. Kodi kumeneko kuli magetsi?"

Wailesi inangoti zii.

"Basi, ndingosendera pafupi."

Mawu amenewa sanatulukire m'wailesi. Kumbuyo kwanga, mpando wawo unalira ngati wina wakhalapo.