Mondokwa wa M'matope a Chiuta

Bernadetta anathyola mondokwa woyamba m'dimba lake, nasenda makoko, koma sanasunthe. Mapazi ake anali atatitimira m'matope akuda pomwe kale pankadutsa mabwato, nyanja ya Chiuta isanathawire kuseri kwa mabango.

Chimanga chinali chobiriwira ngati cha pachulu, chonsecho feteleza sanathiremo ngakhale kachitsekerero kamodzi. Alangizi a zaulimi a ku Chikweo anati ndi ntchito ya ndere zija zinkayandama pamadzi ngati utoto. Akuti zimakoka chakudya cha mbewu mumpweya, ndipo zikafa zimachisiya m'matopemo.

Ndere zomwezo Wadson, mwamuna wake, ankazitukwana m'mawa uliwonse pochapa ukonde. Tsiku lomwe bwato lake linabwerera kumtunda lopanda munthu, m'mbali mwake munali mutamatirira ndere. Mtembo sunapezeke.

"Alamu, chaka chino njala tiimvera kwa anzathu!" anafuula a Dailesi, achemwali ake a malemuyo, akudutsa ndi dengu pamutu. "Nyanja yatibwezera ndithu!"

Bernadetta anangokweza dzanja. Anadikira mpaka dengu lija litazimiririka m'mabango, m'dimba monse mutatsala mphepo yokha yogwedeza masamba.

"Iyayi," anatero chapansipansi. "Yabweza chimanga chokha."

Kenaka anagwada, nafukula matope ndi zala, naikamo mondokwa uja. Anakwirira bwinobwino n'kusalaza pamwamba ndi chikhatho, monga momwe ankavundikirira chakudya Wadson akachedwa kunyanja.