Fungo la Kanyimbi pa jezi ya Nswala

Padangokhala, ana inu, vomerani ndimve. Nswala ndiye ankamwetsera zigoli timu ya dziko la nyama. Tsiku lina anawoloka mtsinje kukasewera ndi Anyani. Kawiri konse anatsala yekha, golo lili pululu, koma mpira anauponya kuthengo. Timu inagonja.

"Udzu unali woterera, amayi," anatero kwa Njovu, mayi amene ankachapa majezi a timuyo.

Njovu anayang'ana kumwamba. Mvula inali isanagwe chaka chimenecho. Anatola jezi ya Nswala nainunkhiza ndi chitamba.

"Mwanawe, Kanyimbi uja wobetcha mpira, amene anabetchera Anyani, munakumbatirana liti?"

"Sindimdziwa n'komwe."

"Nanga nyemba zadzaza nkhokwe ya amako zija, chaka chino sanalime, zagwa kumwamba?"



Njovu anachapa jeziyo katatu ndi phulusa, fungo osachoka. Anaiyanika pabwalo, nyama zonse zinadzinunkhizira zokha. Nswala anachotsedwa m'timu, kutsidya sanawolokenso.

Mukamuona lero akudumpha, miyendo yakumbuyo ikumenya m'malere, dziwani kuti akumenya mpira umene anagulitsa. Yanga yathera pa nyembazo.