Kabwato Kofiira ka ku Luwawa

Panali munthu wina kufupi ndi damu la Luwawa, dzina lake Wilson Ngwira. Anacheka matabwa zaka makumi awiri, msana utakana anaganiza zoyamba kupha nsomba m'damumo. Madzi sankawadziwa. Ankadziwa macheka ndi ng'ombe basi.

Loweruka lina pakhomo pake panaima pikapu. Anatsika mng'ono wake, a Justus, ndi mlendo amene anati wachokera kunyanja. Pamwamba anamangirira kabwato ka pulasitiki kotchedwa kayaki, kaja amapalasa alendo odzaona malo: katali, kopyapyala, ka munthu mmodzi, penti yofiira ikuwala.

"Loji ya alendo inatsekedwa, akulu, ndiye akugulitsa katundu," anatero mlendoyo. "Katsopano simungakapeze ndi mamiliyoni awiri. Inu mungondipatsa ng'ombe yoyamwitsa imodzi."

A Ngwira anakazungulira monga amachitira pogula ng'ombe. Anakasisita pamsana, anakamenya m'nthiti ndi chikhatho, nabwerera m'mbuyo kuti aone kaimidwe kake.

"Khungu lake n'labwino," anatero. Amuna onse anavomera.

Pamudzipo munthu wodziwa mabwato anali mmodzi yekha: Felesta, mkazi wa mwana wawo Tumbikani. Kwawo kunali ku Nkhotakota, ndipo ali mtsikana ankatsuka timabwato totere pa loji ina. Koma kuno ku Luwawa mkamwana salankhula ndi apongozi ake aamuna pagulu. Anaima kuseri kwa nkhokwe, nakodola mwamuna wake.

"Bambo a Wezi, bwato sagula pamtunda. Auzeni akaliike m'madzi kaye. Ndiponso suzumirani mkatimo. Kutsogolo ndi kumbuyo kumakhala tizipinda totseka, tosunga mpweya. Popanda timeneto, madzi akalowa kamira."

Tumbikani anakasuzumira. Makoma a tizipindato anali atadulidwa. Pansi panali chigamba cha pulasitiki yosungunula, chonga chija amamatira ndowa pamsika, kunja kwake atapakako penti. Ananjuta pafupi ndi bambo ake.

"Adada, ndapota, chonde, tikakayese kaye. Damu ndi ili apali."

"Makomawo ndinachotsa dala kuti nsomba zizikwana zambiri," anatero mlendoyo. "Ndipo ine ndikuthamanga, wina akukadikira ku boma."

A Justus anaseka. "Tumbikani, nzeru zimenezi n'zako, kapena zachokera kuseri kwa nkhokwe? Akulu, kodi pakhomo pano ayamba kulamula ndi akamwana?"

A Ngwira anachita manyazi pamaso pa mlendo. "Khala chete iwe Tumbikani. Ng'ombe ndi yanga."

Tumbikani anadzuka, nabwerera m'mbuyo. Amuna aja anakangana mtengo mpaka dzuwa kufika pamutu, koma za chigamba palibe anatchulanso. A Ngwira anakana kupereka yoyamwitsa, napereka thole. Mlendo anawonjezera nkhafi. Jekete yoyandamitsa anati ndi mtengo wina, ndipo a Justus anati zimenezo n'za ana asukulu. Anagwirana chanza.

"Yewo chomene," anatero a Ngwira, akuganiza kuti amudyera mlendo.

Lolemba m'mawa kunali nkhungu. Tumbikani ndi amene anasenza kabwatoko mpaka padamu. A Ngwira analongeza ukonde ndi miyala yake kumbuyo, nalowetsa miyendo m'kabowo kokhalamo.

"Kankha," anatero.

Tumbikani anakankha ndi manja ake awiri. Nkhungu inawameza. Anamva nkhafi ikugunda madzi, kenaka chifuwa cha bambo ake, kenaka dzina lake, kamodzi kokha. Bambowo sanakuwe. Anaitana ngati mmene ankaitanira akafuna kuti awapatsire madzi akumwa. Tumbikani analowa m'madzi mpaka m'khosi, koma kusambira sankadziwa, ndipo sankaona kumene mawuwo achokera.

Nkhungu itachoka, pakati pa damu panali mphuno yofiira ya kabwato itaima chilili ngati chitsa. Kumbuyo konse kunali kutamira. A Ngwira anawapeza ali momwemo, miyendo itakodwa mu ukonde.

Pamaliro a Justus ndi amene analankhulira banja. Anati Mulungu waitana wake. Anthu anati amen. Anthu omwewo, asanamalize kukwirira, anayamba kunong'onezana: "Kodi mkamwana uja anadziwa bwanji kuti kamira?" Sabata isanathe, amayi a Tumbikani anasiya kulandira madzi a m'manja mwa Felesta. Iye anabereka mwana wake Wezi kumsana, nakwera basi ya kwawo. Amene anachenjeza ndi amene anachoka. Amene anaseka anatsala, akudya nyama ya pamaliro.

Thole lija Tumbikani analipeza m'khola la a Justus. Atafunsa, a Justus anati mbwenu anachita kuligula kwa mlendo uja. Mlendoyo foni yake siikupezeka mpaka lero.

Tumbikani sadutsanso njira ya kudamu. Akaona mtengo wa magetsi utaima m'nkhungu, amatembenuka n'kubwerera. Manja ake amawayang'ana nthawi zina ngati a munthu wina.

Pogawa katundu, a Justus anatenga kabwato kaja, ati akakawotche. Mwezi wathawu Tumbikani anakaona ku Mzimba boma, pamwamba pa pikapu ija, atakapaka penti yabuluu, a Justus ali pa chiwongolero. Mphunzitsi wina anali akukasisita, akufunsa mtengo. Tumbikani sananjutenso.

"Aphunzitsi, suzumirani mkatimo. M'menemo munafera bambo anga."

Mphunzitsiyo anachotsa dzanja lake msanga, nalipukuta pa buluku. A Justus analiza galimoto, nalowera msewu wa ku Euthini, kabwato kali pamwamba.

Phunziro: Bwato lakale musaligule pamtunda, ndipo musakhulupirire penti. Liikeni m'madzi, suzumirani mkati, ndipo popanda jekete musakwere. Wodziwa akalankhula mumvereni, ngakhale ali mkamwana. Ngati mukuona kholo lanu likulakwitsa, lankhulani kawiri, katatu, akutukwaneni ali moyo. Tumizani nkhaniyi kwa abale anu onse, makamaka a ku Euthini. Kabwatoko n'kabuluu tsopano, ndipo sikanagulidwe.