Galimoto Yoyera Pakhomo pa Anowara

"Galimoto mwaimika pati?" Anowara anafunsa monong'ona, mwana ali kubere.

"Pakhomo pomwepa. Musaope mayi," anatero loya wa khoti la mayiko onse. "Dzina tisintha, nkhope tibisa. Zimene anakuchitani asilikali ku Myanmar zikamveka kukhoti, koma palibe adzadziwe kuti ndi inu."

"Nkhope mubisa, nanga galimoto? Mumsasa wa othawa kwawo muno ndani sadziwa kuti yoyerayo imaima pakhomo pa mkazi wogwiriridwa? Bambo a mwanayu sindinawauzepo. Akamva, ine ndi ana tikagona kuti? Chokani msanga!"

Loya uja asananyamule n'chikwama chomwe, chitseko chansungwi chinatseguka. Analowa Ziabul, mwamuna wa Anowara, atasenza thumba la mpunga wa chithandizo.

Koma Ziabul sanamuyang'ane n'komwe mkazi wake. Anaponya thumba pansi n'kuloza loya uja.

"Si paja munalumbira kuti kunyumba kwanga simudzafika? Ndinakuchondererani kuti zimene anandichita asilikali aja, mkazi wanga asadzazimve!"