Chitchaina Chathera Panjira

Bambo Larbi, bwana wa banki, analowa m'kalasi osagogoda, tambula ya tiyi ili m'manja.

"Tsekani mabuku, anzanga. Banki yachotsa ndalama zake pa ntchito ya Matchaina kudoko. Ndiye Chitchaina n'chachiyaninso? Aphunzitsiwa sitiwalipiranso."

Soukaina, mmodzi wa antchito a banki amene ankaphunzira Chitchainawo, anayang'ana pabolodi. Mayi Qiao, aphunzitsiwo, anali atangoyamba kujambula chilembo chatsopano cha Chitchaina: kachigawo kapamwamba kokha, kooneka ngati kadenga, pansi pake popanda kanthu.

"Bwana, si dzulo lomweli mumati antchitofe ndiye chuma cha banki?" anafunsa Soukaina.

"Chumatu chimasamutsidwa, chemwali."

Anzake anatuluka, ena akuseka, ena akung'ung'udza. Mayi Qiao anatola chofufutira, koma Soukaina anawagwira mkono.

"Pepani aphunzitsi, musafufute kaye. Pansi pa kadengaka mumati muikepo chiyani?"