M'bawa wa a Lufeyo

Kwathu kuno galimoto zimathera pachipata cha tauni. Mkati muno timayenda pa njinga zokhazokha, m'tinjira ta mthunzi, ndipo njinga iliyonse ili ndi mtengo wake m'mbali mwa njira. Mtengo ukauma, matayala amadzikiya okha.

Mtengo wa njinga ya amuna anga, a Lufeyo, ndi m'bawa, ndipo wothirira ndinali ine. Madzi otsukira mbale, ochapira matewera, onse ndinkasenza kukathira kumeneko. Ngakhale atasamukira kwa Esinati wogulitsa mandasi, ndinkathirirabe. Ndinkati ndi bambo wa mwana wanga.

Tsiku lina mwanayo, Mwandida, anatentha thupi. Ndinamubereka, ulendo wapansi wa kuchipatala, dzuwa lili paliwombo. A Lufeyo anatipitirira, Esinati ali pakaliyala akudya nzimbe. Anatiimbira belu kuti tipatuke.

Kuyambira tsiku limenelo m'bawa uja sunalawenso madzi anga.

Dzulo a Lufeyo anatulukira atasenza njinga paphewa, thukuta lili kamukamu.

"Amake Mwandida, mtengo uja wayoyoka masamba. Kabaza ndipanga bwanji? Ndidya chiyani ine?"

"Kodi mayi aja alibe ndowa?"

"Akuti msana ukuwawa."

"Msana wa pakaliyala umenewo."

"Chonde, ndowa imodzi yokha, mwina uphukira."

Ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi beseni la madzi amene ndinasambitsira mwana. Anamwetulira, natambasula manja kuti alandire. Ndinawalambalala, n'kukathira pa mpiru wanga, pang'onopang'ono, iwo akuonerera, mpaka dontho lomaliza.