Thabwa la Ophunzira

Sorcha anaionera kachitatu vidiyo imene anangomujambula kumene pa foni ya Cathal, mnzake wokwera naye mafunde ataima pa thabwa. Madzi ozizira a m'nyanja ya ku Lahinch anali akudonthabe m'tsitsi lake.

M'maganizo mwake, funde lija analing'amba ngati mpeni. Koma pa foni panali mayi wopindika msana, matako m'mwamba, manja akupalasa mphepo. Masekondi awiri okha, kenako khuvu m'madzi.

"Ameneyu si ine," anatero.

"Ndiye wakubera nkhope ndani?" Cathal anaseka. "Zaka zinayi zonsezi umakwera chonchi, aise. Thabwa lalifupilo ndi la akatswiri. Iwe unangoligula basi."

Sorcha anayang'ana thabwa lake losongoka lija, limene ankalinyamula monyadira pagombe. Analigoneka pamchenga, n'kupita kokabwereka chithabwa chabuluu chasiponji, chija amayambira ophunzira.

Akatswiri amene anakhala pakhoma anaimba mluzu. "Mayi, mwabwereranso ku sukulu ya mkaka?"

Sorcha anamanga chingwe cha thabwalo kumwendo, n'kuloza foni ya Cathal.

"Jambulanso," anatero akulowa m'madzi. "Ndipo ndikagwa, usazimitse."